Nkhata ya pa Eriyo

Loweruka lina masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha malata, a Christmas ankayesa masipika awo pabwalo ku Lirangwe pamene mawu a mlamu wawo anatulukira m'menemo. A Christmas ndi amene ankabwereketsa zokuzira mawu pa zinkhoswe ndi maukwati m'dera lonse la Chigaru, ndipo sankakhulupirira kuti sipika ili bwino isanabalalitse nkhuku. Nyimbo inali itangotha. Pakhonde la a Ida, achemwali awo aakulu, amayi asanu a kumpingo anali pamkeka akutong'ola chimanga. Kenaka masipika anayi onse anatsokomola, n'kuyankhula ndi mawu amene aliyense pamudzipo ankawadziwa.

"Abdu achimwene, ine kuno ndangokhala ngati katundu woiwalidwa pa depoti. Chimwalirireni Eunice, anthu a pano akungowerenga masiku kuti ndinyamuka liti. Sanena, koma ndimaona. Ova."

A Christmas anathamangira kukazimitsa ampulifaya, koma mawu anali atafika kale pamkeka.

Mwini mawuwo, a Stanford Makwinja, anali m'chipinda chawo chapafupi pomwepo, atatseka chitseko, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akuyankhula ndi munthu mmodzi yekha wa ku Namwera. Anali bambo wa zaka 68 amene anakonza mawailesi ku bwalo la ndege la Chileka kwa zaka makumi atatu, ndipo atapuma anabwera kudzakhala kwawo kwa mkazi wawo Eunice, mchemwali wa a Christmas, monga mkamwini aliyense. Anamanga nyumba ya njerwa zowotcha pamalo a banja la Eunice. Mphatso ya ana sanalandire. Anabwera ndi wailesi yoyankhulirana yamakedzana, ija yoti munthu akamaliza kuyankhula amati "ova", chiphaso chake cha boma chili m'fulemu pakhoma, komanso eriyo: waya wautali womangidwa pakati pa mtengo wa mango ndi mlongoti wa bulugamu, pakati pake pakutsika kebulo yakuda yolowera pawindo. Ndi zimenezi ankacheza ndi a Abdu, mnzawo wa kuntchito amene anakapumira kwawo ku Namwera. Mafoni anali nawo onse awiri, koma anthu a mawailesi ali ndi matenda awoawo. Mawu osadutsa pa waya womanga okha sawakoma.

Eunice anamwalira mu Malichi. Mwambo wosudzula unali utakonzedwa kale kuti uchitike patatha milungu iwiri kuchokera Loweruka limenelo. Ndi tsiku limene abale a malemu amamasula wamasiye, n'kumvana ngati abwerere kwawo kapena akhalebe. Kwawo kwa a Stanford kunali ku Chiradzulu, kumene anachoka ndevu zisanamere. Makolo anatha kalekale, minda inagawidwa, ndipo ana a kumeneko ankangowadziwa kuti ankolo a ku eyapoti. Kupita kumeneko kunali kukakhala mlendo pa msinkhu umene munthu sayambiranso. Ankafuna kukhala ku Lirangwe. Ankafunitsitsa, mpaka chakudya chinkawakanika akaganiza za tsikulo. Koma sanauze munthu aliyense pamudzipo.

A Christmas anagogoda pachitseko a Stanford asanatsanzikane n'komwe ndi a Abdu.

"Odi, alamu."

"Eee, lowani."

Sanalowe. Anaima pakhomo, thukuta likutsika m'khosi. "Wailesi yanuyi yatipatsira uthenga. Tamva tonse, ndi amayi a kumpingo omwe."

"Uthenga wanji, alamu?"

"Wa katundu wa pa depoti." Anadikira pang'ono kuti mawuwo afike. "Tidzakambirana pa tsiku lake. Ine ndimangofuna mudziwe kuti zatulukira m'masipika anga, onse folo."

Munthu wina aliyense akanavala nsapato nthawi yomweyo, kupita pakhonde la a Ida, kukhala pansi n'kupepesa. A Stanford anavaladi nsapato, koma anazungulira kuseri kwa nyumba kukayang'ana kebulo. Manyazi anali atawagwira moti makutu ankatentha, ndipo iwo manyazi akawagwira ankafunafuna chinthu choti akonze ndi manja.

Vuto lake analidziwa. Kebulo ya kowakisi imakhala ndi waya mmodzi pakati, ndipo kunja kwake kumakutidwa ndi ukonde wa timawaya tolukana. Mphamvu ya wailesi imayenera kuyenda m'kati, kukwera mpaka pa eriyo, n'kuuluka. Koma pamfundo pamene kebulo imakumana ndi eriyo, mphamvu ina imatembenuka n'kutsika kudzera kunja kwa ukonde uja, ndipo kebulo yonse imasanduka eriyo yachiwiri imene mwiniwake sanaipemphe. Yawoyo inkadutsa m'mbali mwa shedi ya a Christmas, ndiye mawaya a masipika anangotola. Chizindikiro chinalipo kale. Kwa miyezi ingapo maikolofoni yachitsulo inkawaluma mlomo akaiyandikira, iwo n'kumangoikankhira patali pang'ono. Mankhwala ake ndi choki, ndiko kukulunga kebulo yomweyo mikombero ingapo kuti zotsika kunjazo zipeze njira yotsekeka, za m'kati zikudutsa bwinobwino. A Abdu ankaitchula kuti nkhata, poti imafanana ndi imene amayi amaika pamutu posenza ndowa.

Koma kudziwa dzina la mankhwala si kudziwa muyezo wake. Ku bwalo la ndege maeriyo ankabwera m'mabokosi atamalizidwa kale, ndi buku lake lomwe, ndipo a Stanford anali asanakulungepo nkhata pa moyo wawo. Lolemba anapita pa msika, n'kugula kebulo yoyera ya dishi ya TV. Anaikulunga kuchokera pachigongono kufika pachikhatho, mikombero makumi atatu ndi inayi, ina pamwamba pa inzake, akuti ikachuluka ndiye itseka zenizeni. Anaimanga ndi malegeni, kuilumikiza, n'kuipachika m'munsi mwa malata pafupi ndi windo, poti pamenepo ankafikapo osapempha munthu kuti awagwirire makwerero.

Mlungu wonse sanayerekeze kuyatsa wailesi. Moni pamudzipo unafupika. A Ida ankati "mwadzuka" akupitirira, ana amene ankabwera kudzatola mango anasiya, ndipo a Stanford ankatuluka kukatunga madzi pa mjigo nthawi imene ankadziwa kuti kulibe mzere. Lamlungu masana, anthu ali kutchalitchi, anayatsa, n'kunong'oneza kuti, "Kuyesa, wani, thu." Maikolofoni inawaluma mlomo kuposa kale.

Lachiwiri anaika nkhata ija m'jumbo, kukwera minibasi mpaka pa Kameza, kenaka ina ya ku Chileka. Ankapita kwa a Jennifer, amene anafika ku bwalo la ndege ali mtsikana wongochoka ku koleji, a Stanford n'kuwaphunzitsa kuwotcherera waya osadziwotcha zala. Tsopano anali ndi imvi zawo zingapo komanso anthu owayang'anira pantchito. Tsikulo anali pa ofu, akuchapa kuseri.

"Abwana, mwasochera?" anatero akupukuta thovu m'manja. "Zaka zitatu osatiyendera."

"Ndabwera ndi wodwala," anayankha a Stanford, n'kutulutsa nkhata.

A Jennifer anaiyang'ana, kenaka anayang'ana mwiniwake. "Iyi mwaikulunga ndinu? Kapena mwamulanda munthu chingwe cha mbuzi?"

"Yezani kaye, muziseka pambuyo."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa kamakina koyezera kosaposa foni kukula, kawokawo kogula okha. Anakhala pakhonde, kulumikiza nsonga ziwiri za ukonde wa kunja uja, ndipo pagalasi pa kamakinako panatuluka mzere wokwera ngati kaphiri n'kutsikanso.

"Pamwamba pa kaphirika ndi pamene nkhata yanu imatseka zolimba," anatero. "Taonani pali pati."

A Stanford anavala magalasi. "Pa megahetsi atatu."

"Inu ndi a Abdu mumacheza pa angati?"

"Seveni."

"Pa seveni ndiye m'chigwa. Zikungodutsa ngati pa geti ya msika." A Jennifer anailoza ndi bolopeni. "Mikombero ikachuluka chonchi, yogonerana, karenti savutikanso n'kuzungulira. Amangolumpha kuchoka pa mkombero uwu kupita pa uwo. Munatiphunzitsa ndinu zimenezi, abwana, pa makoilo aang'ono aja."

Zinali zoona, ndipo a Stanford anakumbukira ngakhale bolodi limene analembapo. Ndege inadutsa chapansipansi, ndipo onse awiri anakhala chete mpaka phokoso litatha, monga amachitira anthu a ku Chileka osazindikira n'komwe. A Jennifer anatenga lumo n'kung'amba kebulo yoyera ija pokhota. M'kati mwake munali thovu la pulasitiki lofewa. Dzuwa la mlungu umodzi m'munsi mwa malata linali litalisungunula pang'ono, ndipo waya wa pakati anali atasendera m'mbali, kutsala pang'ono kukhudza ukonde.

"Milungu ina iwiri mukanawotcha wailesi," anatero. "Kebulo ya dishi siyopinda chonchi, makamaka kotentha kuno."

Kuseri kwa nyumba kunali chidutswa cha paipi ya pulasitiki yotsala pomanga bafa, yaikulu moti nkhonya inkalowamo. Anadula kachigawo kotalika ngati mkono, ndipo a Jennifer anapereka kebulo yakuda yolimba m'kati imene inawatsalira. Ulendo uno anakulunga a Stanford pang'onopang'ono, mkombero uliwonse pambali pa unzake, osakwerana, a Jennifer atagwira paipi. Anayamba ndi makumi awiri. Kaphiri kanaima pakati pa asanu ndi asanu ndi limodzi. Anamasula umodzi n'kuyezanso, kaphiri n'kusendera pang'ono kumanja. Anamasula wina. Ntchito yake inali imeneyo basi, kumasula ndi kuyeza, ndipo a Stanford anamva mtima ukutsika kwa nthawi yoyamba chichitikireni zija. Pa mikombero khumi ndi isanu ndi umodzi, nsonga ya kaphiri inakhala ndendende pa seveni. Anabowola paipi ndi msomali wotentha, n'kumanga nsonga zonse ziwiri kuti zisasunthe.

"Muikweze pamwamba penipeni, pamene kebulo ikukumana ndi eriyo," anatero a Jennifer. "Osati pawindo, ndiponso kutali ndi malata. Mukaiika pansi ndiye kuti kebulo yonse yatayikira kale." Anawathirira thobwa m'kapu. "Koma changu chonsechi n'cha chiyani? A Abdu athawa?"

A Stanford anafotokoza zonse, maso ali pa kapu. Kwa munthu wa ku Chileka zinkatuluka mosavuta.

"Ndiye pakhonde la alamu anuwo munapitapo?"

"Ndipita ndikamaliza kukonza. Ndikufuna ndikawauze kuti sizidzachitikanso."

"Mmm." A Jennifer anayamba kulongedza kamakina kawo. "Ndi kuntchito komwe munali choncho. Munkalolera kugona ndi njala pa wailesi yakufa kusiyana n'kukwera masitepe kukayankhula ndi akuluakulu. Ine za karenti ndakuthandizani. Zinazo kamakina aka sikayeza."

A Stanford anaseka pang'ono kuti nkhani ithe, n'kutsanzika dzuwa lisanapendeke.

Lachitatu ndi Lachinayi nkhata inangokhala patebulo. Kuti ikwere pamafunika kutsitsa eriyo yonse, wina atagwira chingwe ku mlongoti, wina ali pa makwerero ku mango. Ndipo kuti adziwe ngati yagwiradi ntchito, pamafunika ampulifaya ndi masipika omwe aja. Analingalira njira zonse zozembera, koma zonse zinkathera pakhomo la a Christmas. Lachisanu m'mawa, mwambo uli mawa lake, anapita.

"Alamu, ndimati mundithandize kugwira chingwe. Komanso ngati mungayatseko masipika aja pang'ono. Ndikufuna ndione ngati vuto lija latha."

A Christmas anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akudikira kuti pabwera mawu ena. Ataona kuti palibe, anavala malaya n'kutuluka.

Anagwira ntchito bwino anthu awiriwa, ndipo zimenezi zinapweteka mwa njira yakeyake. A Christmas anali ndi manja odziwa zingwe. Ndi iwo amene anaona kuti kulemera kwa paipi kugwetsa eriyo pakati, n'kupita kukadula nsungwi yaitali yoti ichirikize. Anafunsanso chifukwa chake mikombero inali yoyalana bwino chotero, ndipo atauzidwa za kaphiri ka a Jennifer anagwedeza mutu ngati munthu amene akanakonda kukaona yekha. Pofika teni koloko nkhata inali m'mwamba, yakuda pa paipi yoyera, ikugwedezeka pang'ono ndi mphepo. A Christmas anatulutsa masipika anayi, kuwaimika pomwe paja, n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto. A Ida anatuluka n'kuima pakhonde lawo atapinda manja.

A Stanford analowa m'chipinda, kuyatsa wailesi, n'kukweza mphamvu yonse. Anagunditsa mlomo pa maikolofoni dala. Chitsulo chinali chozizira, chosaluma. Anawerenga mpaka teni, kubwerera, n'kuwerenganso. Atatuluka nkhope inali ikuwala, ndipo ankayenda ngati munthu wa zaka makumi anayi.

"Mwamva kanthu, alamu?"

"Ayi."

"Ngakhale kukhosomola?"

"Zii."

"Basi yagwira. Mphamvu yonse imeneyo, osatuluka ngakhale pang'ono. Sizidzachitikanso, alamu, ndikulonjeza."

A Christmas anazimitsa ampulifaya n'kuyamba kukulunga waya wa sipika, mosafulumira. "Mwakonza ndithu," anatero. "Tsopano muzitha kutinena bwinobwino, ife osamva."

A Stanford anayang'ana nkhata ija m'mwamba.

"Milungu iwiri tikudikira," anapitiriza a Christmas, osakweza mawu. "Timati mwina alamu abwera, adzatifunse ngati zimene amaganizazo n'zoona. Ine lero mutagogoda ndinati eya, afika. Kani mwabwera kudzabwereka masipika." Ananyamula sipika imodzi kuiika paphewa. "Tionana mawa."

Masana onsewo a Stanford anakhala pa mpando kuseri kwa nyumba, moyang'anana ndi mango. Nkhata inali pamalo pake, yopangidwa bwino, ndipo palibe katswiri amene akanaipezera chifukwa. Anaganiza za miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Anayesa kukumbukira tsiku limene munthu wa pamudzipo anawauza mawu owathamangitsa, kapena kuwayang'ana moipa, ndipo sanalipeze. Chimene anapeza n'chakuti nthawi zonse Eunice ndi amene ankawayankhulira. Ndi iye ankapita kumaliro n'kunena kuti abambo akupepesa, ndi iye ankadziwa mwana wa yani wadwala, ndi iye ankabwera ndi nkhani za pakhonde n'kuwasimbira iwo akuwotcherera mawaya. Atapita, iwo anangotseka chitseko n'kuyatsa wailesi. Chisoni chinawagwira, ndipo mantha a mawa anakula kuposa kale, chifukwa tsopano panalibenso choti akonze.

Loweruka anthu anasonkhana pakhonde la a Ida dzuwa lisanakwere kwambiri, amuna pamipando, amayi pamikeka. Kuchokera ku Chiradzulu kunabwera a Elias, msuweni wa a Stanford, bambo waulemu wa jekete lotuwa, amene anaonana nawo komaliza pa maliro. A Elias ndi amene anali nkhoswe yawo. Pa mwambo wotere wamasiye sayankhula. Amakhala pambali, mutu pansi, ankhoswe a mbali ziwiri n'kumapatsirana mawu pamwamba pake.

Anapemphera. Zovala za Eunice zinatulutsidwa m'sutikesi n'kugawidwa kwa abale, ndipo a Stanford anayang'ana pansi pamene chitenje cha mpingo chinkadutsa m'manja mwa anthu. Kenaka a Christmas anakonza kukhosi.

"Ife a kuchikazi tilibe mlandu ndi alamu athuwa. Mlongo wathu anamusunga bwino, anamudwazika mpaka tsiku lomaliza. Lero tikuwamasula." Anaima pang'ono. "Za nyumba, ife tinalibe ganizo lililonse. Koma tinamva ndi makutu athu kuti iwo pano sakupeza mtendere. Ndiye munthu wamkulu sitingamumangirire pamalo pamene mtima wake wachokapo. Ngati akufuna kubwerera kwawo, njira ndi yoyera, ndipo tidzawathandiza kusenza."

A Elias anawomba m'manja mwaulemu. "Tamva, ndipo tathokoza. Ifenso m'bale wathu sitingamutaye. Kachipinda kapezeka. Tidzabwera ndi galimoto mwezi wamawa, mvula isanayambe."

Anthu anavomera chapansipansi. Nkhani inali ikutha mwaulemu, aliyense akuchitira mnzake chifundo, ndipo a Stanford anaona kuti akusamutsidwa popanda munthu ngakhale mmodzi wofuna kuti asamuke. Wina anali atayamba kale kufunafuna nyimbo yotsekera. A Stanford anaimirira. A Elias anawakoka buluku kuti akhale pansi, iwo osamva.

"Pepani, ndikudziwa kuti si malo anga oyankhula," anatero. Mawu awo, amene pa wailesi ankafika ku Namwera, apa ankavuta kufika pamkeka. "Ine sindikufuna kupita. Ku Chiradzulu ndi kwathu, a Elias musandimve molakwa, koma kumene ndimadziwa ndi kuno. Zimene munamva zija ndinanena ndine, sindikana. Palibe anandilakwira. Ndinkaopa kuti ndikafunsa mundiuza kuti ndizipita, ndiye ndinasankha kusafunsa. Ndinakunamizirani kwa munthu wakutali. Alamu a Ida, alamu a Christmas, ndikupempha ndikhale."

Anakhala pansi msangamsanga.

A Ida ndi amene anayamba, ali pamkeka pomwepo, osadikira kuti amuna awapatse mpata.

"Miyezi seveni, alamu. Ine Eunice ndinamubereka kumbuyo ali khanda. Munthu amene ndikanalira naye ndinu, koma chitseko chanu chinali chotseka, m'kati mukumveka mukuseka ndi a Abdu. Ife timati mwatopa nafe, mukungodikira mwambo kuti muzipita. Ana ndinawaletsa ndine kubwera ku mango, kuti asakusokonezeni." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mawu ochepa ngati amenewa anakukanikani miyezi yonseyi?"

"Anandikanika," anatero a Stanford.

A Christmas anatembenuza mpando wawo kuti uyang'ane a Elias, poti mwambo unayenera kubwerera m'njira yake.

"Ankhoswe, mwamva nokha. Mawu aja tikubweza, galimoto isabwere." Anasisita chibwano. "Koma pali chimodzi chimene ndikufuna tigwirizane lero, anthu onsewa ali mboni. Ngati akukhala, akhaliretu. Tsiku likadzafika, ife sitikufuna kudzaona lole ya ku Chiradzulu pano tikulimbirana maliro. Adzagona kumanda kwathu. Pambali pa mlongo wanga malo alipo, tinasiya."

A Elias anazingwa, chifukwa mwamuna nthawi zambiri amakagona kwawo, ndipo nkhani yotere sanabwere atakonzekera. Anayang'ana msuweni wawo.

"Achimwene, izi ndiye sindingakuyankhireni."

Misozi ya a Stanford imene anthu a pamudzipo sanaione ngakhale pa maliro inayamba kutsika, osaibisa. Anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Munasiya liti malowo?"

"Tsiku lokumba lomwe lija, mu Malichi," anatero a Christmas. "Ndinawauza adzukulu okumba manda kuti asendere pang'ono."